Kodi Mphindi 10 Zingalimbitse Thupi Limene Lakhala Zaka 15 Pampando?

Funso: "Ndine bambo wa zaka 47. Ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo papita zaka pafupifupi 15 ndisanachitepo masewera olimbitsa thupi. Mwezi wathawu dokotala anandiuza kuti BP yanga yakwerako ndipo shuga ali pamalire, choncho ndiyambe kulimbitsa thupi. Mnzanga wina amene amathamanga anandiuza kuti ngati sindifika mphindi 45 kapena ola lathunthu ndikungotaya nthawi, chifukwa thupi limayamba kusungunula mafuta pakatha mphindi 30. Loweruka lina ndinayesa kuthamanga kwa ola, ndinakhala masiku anayi ndikutsimphina, ndipo sindinabwererenso. Zimene ndingakwanitse ndi mphindi 10 m'mawa, 10 masana ndi 10 madzulo. Kodi zingandithandize, kapena ndikudzinamiza?"

Bambo, simukudzinamiza ayi. Mphindi 10 katatu pa tsiku zidzalimbitsa mtima wanu, ndipo kwa munthu amene wakhala zaka 15 osachita kanthu, imeneyi ndiyo njira imene ndikanakusankhirani ngakhale mukanakhala ndi ola lathunthu lopanda chochita. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma akukuyezani ndi thupi lake. Iye anazolowera kale, ndipo kuti thupi lozolowera lipitenso patsogolo pamafunikadi nthawi yaitali. Lanu silinafike pamenepo.

Tikamati munthu walimba, ife sitiyang'ana mimba kapena sikelo. Timayeza kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni umene thupi lingakoke, kuutumiza ku minofu ndi kuugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi, munthu akamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Muyezo umenewu timautcha VO2max. Umatiuza za mtima, mapapo, magazi ndi minofu pamodzi, ndipo anthu amene nambala yawo ili yokwera amakonda kukhala ndi moyo wautali kuposa amene ili yotsika. Inu simufunika makina kuti mudziwe pamene muli. Mumaonera pa masitepe, anzanu akamafika pamwamba akucheza, inu mwaima pakati mukupuma wefuwefu.

Mu 1966, madokotala a ku Dallas ku America anagoneka pabedi anyamata asanu athanzi, a zaka pafupifupi 20, kwa masabata atatu osadzuka. Atawayeza, VO2max yawo inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Kenako anawayambitsa masewera, ndipo mphamvu zinabwerera. Patapita zaka 30 anawaitananso amuna omwewo, ali ndi zaka za m'ma 50, n'kupeza kuti masabata atatu a pabedi aja anawafooketsa kwambiri kuposa zaka 30 za kukula. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa imasonyeza kuti mbali yaikulu ya zimene anthu amati ukalamba ndi kusagwiritsa ntchito thupi basi. Zimenezo zimabwezeka. Ndipo thupi limene lili pansi kwambiri ndi limene limakwera msanga likangopatsidwa ntchito pang'ono. M'masiku oyamba enieni madzi a m'magazi amawonjezeka, moti mtima umapopa magazi ochulukirapo pa kugunda kulikonse. Pakatha masabata angapo, timitsempha ting'onoting'ono timachuluka m'minofu, ndipo tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene timatulutsa mphamvu pogwiritsa ntchito okosijeni, timawonjezeka. Kusintha konseku sikudikira kuti wotchi ifike mphindi 30.

Funso lanu, loti kudula nthawi m'zidutswa kumafanana ndi kuchita kamodzi, ofufuza analiyesa mwachindunji. Mu 1990, Robert DeBusk ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anagawa amuna m'magulu awiri. Ena ankathamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 30 nthawi imodzi, ena mphindi 10 katatu pa tsiku, kwa masabata 8. Magulu onse awiri analimba. Sindikubisirani kuti a mphindi 30 aja anapindula kwambiri: VO2max yawo inakwera ndi pafupifupi 14 peresenti, pamene ya enawo inakwera ndi pafupifupi 8 peresenti. Koma taonani 8 peresentiyo. Mnzanu akuti ndi kutaya nthawi, pamene anthu awa analimba moonekera m'miyezi iwiri yokha. Mu 1998, Marie Murphy ndi Adrianne Hardman a ku Britain anachitanso zofanana ndi amayi amene sankachita masewera aliwonse, koma iwo ankayenda ndawala m'malo mothamanga, masiku asanu pa sabata kwa masabata 10. Apa oyenda mphindi 10 katatu ndi oyenda mphindi 30 kamodzi analimba mofanana. Ofufuza ena atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu, anapeza kuti ngati kuchuluka kwa ntchito ndi mphamvu yake zili zofanana, kusiyana pakati pa kudula ndi kusadula kumakhala kochepa kwambiri, mwinanso osaoneka n'komwe.

N'chifukwa chake malangizo akuluakulu akhala akusintha. Mu 1995, akatswiri a ku America anayamba kunena kuti mphindi 30 za tsiku zikhoza kusonkhanitsidwa pang'onopang'ono. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, a mu 2010 ankati chidutswa chilichonse chizikwana mphindi 10 kuti chiwerengedwe. Mu 2020 bungweli linachotsa ngakhale malire amenewo. Panopa limati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera a mphamvu yapakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu kwambiri, ndipo mphindi iliyonse imawerengedwa. Mphindi zanu 10 katatu, masiku asanu pa sabata, zikukwana 150 ndendende.

Ndiye lekani kufunsa kuti lero ndachita nthawi yaitali bwanji. Muzifunsa kuti sabata lino ndasonkhanitsa mphindi zingati. Apa ndi pamene utali wa nthawi uli ndi mphamvu yeniyeni. Mu 2007, Timothy Church ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 464 onenepa, osiya kusamba, amene sankachita masewera. Anawagawa m'magulu kwa miyezi 6. Amene ankachita pafupifupi mphindi 72 pa sabata analimba ndi pafupifupi 4 peresenti, a mphindi 136 ndi 6 peresenti, a mphindi 192 ndi 8 peresenti. Mukaonetsetsa, muona zinthu ziwiri. Kuwonjezera mphindi kumawonjezera phindu, zimenezo n'zoona. Koma theka la phindu la gulu lapamwamba lija linapezeka kale ndi mphindi 72 zokha, zimene ndi mphindi 10 zokha pa tsiku mukazigawa. Mphindi zoyamba ndi zimene zimalipira kwambiri. Ku Taiwan, kafukufuku wa anthu oposa 400,000 amene anafalitsidwa mu 2011 anapeza kuti amene ankachita pafupifupi mphindi 15 pa tsiku anali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 14 peresenti poyerekeza ndi osachita kanthu, ndipo ankayembekezeka kukhala zaka zitatu zowonjezera. Kafukufuku wotere amangoona mmene anthu akukhalira, sawagawa m'magulu, choncho sangatsimikizire yekha kuti masewerawo ndiwo achititsa zonse. Komabe akugwirizana bwino ndi zimene timaona tikayeza anthu mwachindunji.

Tsopano ndikuchenjezeni pa msampha umene anthu ambiri amagweramo ndi zidutswa zazifupi, chifukwa apa ndi pamene mnzanu uja akhoza kulondola. Munthu akayamba kuyenda, mtima umatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ufike pa liwiro logwirizana ndi ntchitoyo. Pa mphindi 30, zimenezi sizichotsa zambiri. Pa mphindi 10, zatenga kale gawo lalikulu. Mukawonjezera kumanga nsapato, kuyankha foni ndi kuima kupereka moni, mupeza kuti mwagwira ntchito yeniyeni mphindi zinayi zokha. Ndaona anthu ambiri akubwera ndi kope lodzaza ndi mphindi, koma thupi silinasinthe, ndipo tikayenda nawo limodzi ndimapeza kuti amangoyenda ngati akukaona malo. Nthawi ikakhala yochepa, liwiro lisakhale lochepanso. Yendani ngati mwachedwa kwinakwake. Muyezo wake ndi wa pakamwa: muzitha kulankhula chiganizo chathunthu, koma musathe kuimba. Ngati mukutha kuimba, wonjezerani liwiro kapena funani pokwera. Ngati mukungotulutsa mawu awiri kapena atatu kenako n'kupuma, mwapyola, bwererani m'mbuyo pang'ono.

Muyezo wa pakamwa umenewu ndimaukhulupirira kuposa kuwerenga kugunda kwa mtima. Njira yotchuka yochotsa zaka zanu pa 220 kuti mupeze malire a mtima wanu ndi yongoyerekeza, ndipo imaphonya ndi kugunda 10 kapena kuposa kwa anthu ambiri. Komanso ngati dokotala atakupatsani mankhwala a BP a gulu la beta blocker, monga atenolol kapena propranolol, mtima wanu sudzathamanga monga mwa nthawi zonse, ndipo manambala a pa wotchi adzakusocheretsani.

Mwina munamvapo kuti mphindi imodzi yokha ya mphamvu zonse ingafanane ndi mphindi 45. Nkhaniyi inachokera ku yunivesite ya McMaster ku Canada, kwa Martin Gibala ndi anzake, mu 2016. Amuna osachita masewera ankapalasa njinga ndi mphamvu zawo zonse kwa masekondi 20, katatu, mkati mwa mphindi 10, pamene ena ankapalasa modekha kwa mphindi 45. Onse ankachita katatu pa sabata kwa masabata 12, ndipo magulu onse awiri VO2max yawo inakwera ndi 19 peresenti. Zotsatirazi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti mphamvu ikhoza kulowa m'malo mwa nthawi. Koma anthu aja anali achinyamatapo, anali atayezedwa kaye, ndipo ankayang'aniridwa. Mphamvu zonse zikutanthauza zonsedi, mpaka ena kumva mseru. Inu, ndi BP yokwera komanso zaka 15 za pampando, musayambire pamenepo. Phunziro lake lokha ndilo mutenge: pakatha miyezi iwiri kapena itatu, dokotala wanu akavomera, mukhoza kumaika timphindi tachangu pakati pa kuyenda kwanu, monga kukwera masitepe mwamphamvu kapena kuwonjezera liwiro kwa mphindi imodzi.

Za mafuta zija n'zachidule. Thupi silikhala ndi switchi imene imayaka pa mphindi ya 30. Limagwiritsa ntchito mafuta ndi shuga pamodzi nthawi zonse, ngakhale panopa pamene mukuwerenga. N'zoona kuti masewera akamatalika, gawo la mafuta limawonjezeka pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene chikhulupirirochi chinachokera. Koma kuti munthu achepe thupi zimadalira mphamvu zonse zimene watulutsa ndi zimene wadya pa masabata ambiri. Ndinene mosabisa kuti mphindi 150 pa sabata, kaya zodula kaya zosadula, sizichotsa makilogalamu ambiri ngati kadyedwe sikanasinthe. Musadzagwe ulesi sikelo ikakana kusuntha. Mtima, BP ndi shuga zimakhala zikusintha ngakhale sikeloyo ili pomwepo.

Pa vuto lanu lenileni, la shuga ndi BP, zidutswa zazifupi zili ndi ubwino umene ola limodzi lilibe. Munthu akadya, shuga amakwera m'magazi kwa ola limodzi kapena awiri. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shugayo m'magazi, ndipo imatha kutero ngakhale insulin, timadzi ta m'thupi timene timathandiza shuga kulowa m'maselo, isakugwira bwino ntchito. Mu 2013, Loretta DiPietro ndi anzake ku Washington anayesa anthu achikulire amene shuga wawo anali pamalire ngati wanu. Kuyenda mphindi 15 pambuyo pa chakudya chilichonse kunathandiza shuga wa tsiku lonse mofanana ndi kuyenda mphindi 45 kamodzi m'mawa, ndipo kunaposa pa kutsitsa shuga wa pambuyo pa chakudya chamadzulo. Anthu ake anali ochepa, koma kafukufuku wina wa anthu odwala shuga ku New Zealand anapezanso zofanana. BP nayonso imatsikako kwa maola angapo munthu akamaliza masewera, choncho amene wayenda katatu walandira mpumulo umenewo katatu. Ngati mungathe, ikani mphindi zanu 10 pambuyo pa chakudya, makamaka chamadzulo. Ndipo chifukwa chakuti kumva bwino kwa thupi ku insulin kumazirala pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, musalole masiku oposa awiri otsatizana kudutsa musanayende.

Nanga Loweruka lija chinachitika n'chiyani? Minofu yosazolowera ikagwira ntchito yaikulu mwadzidzidzi, imavulala pang'onopang'ono mkati, ndipo ululu wake umafika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu. Umenewo umatha wokha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi minyewa yolumikiza minofu ku mafupa, mawondo ndi zidendene. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata, koma minyewa ndi mafupa zimatenga miyezi. Munthu amamva kuti mpweya ulipo, amawonjezera mtunda, kenako bondo limamukhazika pansi kwa miyezi iwiri, ndipo ambiri sabwereranso. Palinso nkhani ya mtima weniweniwo. Kafukufuku wotchuka wa mu 1993, wotsogoleredwa ndi Murray Mittleman ku Boston, anapeza kuti chiopsezo cha matenda a mtima odzidzimutsa mu ola lotsatira ntchito yolemetsa chimakwera kwambiri kwa anthu amene sachita masewera, pamene kwa ozolowera chimakwera pang'ono chabe. Kwa munthu mmodzi pa tsiku limodzi, chiopsezocho n'chochepa ndithu, ndipo sindikunena izi kuti muope. Ndikufuna muone kuti kuchoka pa mpando n'kukathamanga ola lathunthu ndiyo njira yoopsa kuposa zonse, osati yanu ya mphindi 10. Akuluakulu amati kuthamanga si kufika, ndipo pa nkhani imeneyi mawuwo ndi oona ngakhale m'tanthauzo lake lapamwamba.

Koma sindikufuna kuti mukhale pa mphindi 10 mpaka kalekale. Pali zinthu zimene nthawi yaitali yokha imaphunzitsa thupi. Miyendo imaphunzira kupirira, mapazi amalimba, thupi limaphunzira kutulutsa thukuta ndi kudziziziritsa, ndipo maganizo amazolowera kupitiriza pamene kutopa kwayamba. Munthu amene amangoyenda mphindi 10 akhoza kukhala ndi mtima wabwino, koma tsiku limene adzafunike kuyenda ola limodzi adzavutika. Komanso kukwanitsa mphindi 250 kapena 300 pa sabata ndi tizidutswa tokhatokha n'kovuta, chifukwa kumafuna kuti munthu adzikakamize kunyamuka kambirimbiri. John Jakicic wa ku Pittsburgh anapeza mu 1995 kuti amayi amene anauzidwa kuchita mphindi 10 kangapo pa tsiku ankachita masiku ochulukirapo kuposa anzawo m'masabata 20 oyamba, koma atawatsatira ena kwa miyezi 18, mwayi umenewo sunakhalitse. Tizidutswa ndi khomo labwino lolowera. Mukalowa, muzisakaniza.

Mukanakhala patsogolo panga ndikanakuuzani motere. M'masabata awiri oyamba, yendani mphindi 10 kawiri pa tsiku, masiku asanu pa sabata, pa liwiro limene mukulankhula momasuka. Mudzaona ngati n'zochepa, ndipo mudzafuna kuwonjezera. Pirirani, chifukwa masabata amenewa ndi a mawondo ndi zidendene, osati a mtima. Sabata lachitatu wonjezerani ulendo wachitatu, ndipo yambani kuyenda ndawala. Pofika sabata lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, sankhani tsiku limodzi limene muli ndi mpata, muphatikize maulendo awiri akhale mphindi 20. Tsiku limenelo muzilitalikitsa ndi mphindi zisanu pakatha sabata limodzi kapena awiri, mpaka lifike mphindi 40 kapena 45. Masiku a ntchito akhale a tizidutswa monga mwakonzera. Musawonjezere nthawi ndi liwiro mu sabata limodzi. Ngati bondo kapena chidendene chikupweteka pamalo amodzi ndipo ululuwo sukutha pakatha masiku awiri, bwererani pamene munali sabata lapitalo. Kawiri pa sabata patulaninso mphindi zochepa za minofu, monga WHO imalangizira: kudzuka pampando ndi kukhalanso popanda kugwira, maulendo 10 mpaka 15, ndi kukankha khoma ndi manja. Pochita zimenezi musamagwire mpweya m'chifuwa, chifukwa kutero kumakweza BP.

Chinthu china chimene anthu sauzidwa kawirikawiri n'chakuti matupi samva mofanana. Pa kafukufuku wotchedwa HERITAGE, wotsogoleredwa ndi Claude Bouchard, anthu mazana ambiri osachita masewera anapatsidwa pulogalamu imodzi kwa masabata 20. Tikaphatikiza onse, VO2max inakwera ndi pafupifupi 19 peresenti, koma ena anakwera kwambiri kuposa pamenepo, ena pafupifupi osasuntha, ndipo kusiyanaku kunkayenda m'mabanja. Choncho musadziyerekeze ndi mnzanu. Ngati pakatha miyezi iwiri simukuona kusintha, sizikutanthauza kuti thupi lanu n'lokanika. Nthawi zambiri likufuna mlingo wokulirapo, ndipo tikawonjezera mphindi kapena liwiro, ambiri mwa anthu otere amayamba kusintha.

Musanayambe, muuzeni dokotala wanu zimene mwakonza, makamaka ngati muli pa mankhwala. Kuyenda ndawala n'kotetezeka kwa anthu ambiri, koma mukamva kupweteka kapena kulemera m'chifuwa, ululu wopita ku dzanja, khosi kapena nsagwada, chizungulire, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zimenezi si zoti munthu alimbe nazo mtima.

Tsiku loyamba, sankhani kanjira kamene mungayende mphindi 10 mpaka 12, muyende ndawala, n'kulemba nthawi imene mwatenga. Mukangofika, ikani zala pamtsempha wa padzanja, muwerenge kugunda kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4, n'kulembanso. Pakatha masabata 8 mudzayende kanjira komweko, nthawi yomweyo ya tsiku. Chimene ndikuyembekezera n'chakuti mudzafika msanga, kapena mudzafika pa nthawi yomweyo koma mtima ukugunda mocheperapo. Mudzandilembere manambala amenewo pamodzi ndi zimene dokotala adzapeze pa BP ndi shuga, kuti tidzaone ngati nthawi yoika timphindi tachangu ija yakwana.